Nasibeko Avota ndi Mazira

Padangokhala, kale lomwe mbalame zoyenda pansi zili ndi dziko laolao, kunali nkhanga ina dzina lake Nasibeko. Inali ntchembere yolongolola, yoti ikatsegula pakamwa ngakhale achule ankayamba adikira kuti imalize. Ana ake onse a zaka zam'mbuyo anali atawoloka mtsinje kupita ku Khola, kumene nkhuku, abakha, mbuzi ndi ng'ombe zinagwirizana zokhala mumpanda umodzi n'kumadya madeya m'mawa uliwonse. Mbalame ikalowa kumeneko ankaimeta mapiko, motero panalibe mwana wa Nasibeko ndi mmodzi yemwe amene anabwerako. Ankangotumiza timadeya ndi moni kudzera mwa Njiwa. Timadeyato Nasibeko ankadya, akatha n'kupukuta mlomo, kenako n'kuyamba kutukwana Khola.

Chaka chimenecho anaikira mazira chisa chodzaza, ndipo thupi linamuuza kuti amenewa ndi otsiriza. Ankawatembenuza limodzilimodzi uku akulankhula nawo.

"Inu nokha simupita kulikonse," ankatero. "Odzanditseka maso ndinu."

Nyengo yomweyo mfumu ya mbalame inamwalira, mpando n'kusowa mwini. Panadzuka zipani ziwiri. A Nang'omba, aja a mawu ngati ng'oma, anayambitsa chipani cha Tchire Lathu, chokana kuwoloka. A Kakowa, amene anakulira pamsana pa ng'ombe ndipo ankavala zoyera ngakhale nthawi ya matope, anayambitsa chipani cha Tiwoloke, chofuna kuti dziko lonse lilowe mumgwirizano wa ku Khola. Nasibeko sanachite kufunsidwa. Tsiku loyamba lomwelo anali kutsogolo kwa a Nang'omba, akuvina mpaka fumbi kobo.

Mnansi wake anali nkhwali, dzina lake Nambewe, ndipo iyeyo anali wa Tiwoloke. Ankakumana masana posamba fumbi.

"A Nambewe, inu Khola munalionapo?"

"Kuliona ayi, koma ndinamva. Akuti kumeneko chakudya chimachita kukutsata."

"Nanga mpeni sukutsata?"

"Za mpenizo ndi bodza la chipani chanu. Kuno ndiye kulibe nkhandwe? Chaka chatha moto unatiwaula michira tonse, a Nang'omba anuwo ali phee mumtengo."

"Anakwera kuti aone kumene motowo ukuchokera!"

"Ndiye anatsika kudzatiuza?"

"Inu miyendo inafiira ndi kuyenda miseche."

"Zikomo. Koma madeya a ku Khola mumadya ndinu. Ife olifuna Kholafe sitinalaweko."

"Amenewo ndi a ana anga, si a Khola!"

Ankatero tsiku ndi tsiku, mmodzi kunyoza dziko limene limamudyetsa, mnzake kutama dziko limene sanalipondepo, aliyense akudziyesa wopenya.

Tsono mbalame sizinkavota ndi chala, chalacho n'kuchitenga kuti? Zinkavota ndi mazira. Aliyense wofuna mpando ankapalasa chisa pabwalo, ndipo banja lililonse linkakunkhuniza dzira limodzi kukaliika m'chisa cha amene lamusankha, kutanthauza kuti, ndakudalira mpaka ndi mwana wanga. Ankawerenga onse akuona. Dzuwa lisanatenthe, mayi aliyense ankatenga dzira lake, polizindikira ndi mawanga, n'kubwerera nalo likadali lofunda. Atsogoleri okha sankaponya nawo, chifukwa mazira awo anali m'mitengo ndipo ankati kuwatsitsa n'kovuta.

Chaka chimenechi panavuta pa wowerenga. A Tchire Lathu anakana Njiwa, ati amadyera ku Khola. A Tiwoloke anakana Kadzidzi, ati anakwatira kuchimuna kwa a Nang'omba. Mbalame iliyonse imene inatchulidwa inapezeka kuti ili ndi msuweni kwina. Mkangano uli mkati, pachulu panatsika Msulu, manja ali kumbuyo.

"Pepani akuluakulu, ndimangodutsa," anatero. "Ine nthenga ndilibe, mlomo ndilibe, msuweni pakati panu ndilibe. Kaya muwoloka, kaya mukhala, ine kwanga n'kudzenje. Ngati mwasowa munthu wopanda mbali, ndilipo."

Kumbuyo kwa khamu kunali Zinziri, mmodzi wa alendo amene ankabwera ndi mvula chaka ndi chaka, n'kuikira, n'kulera, n'kumapita. Anakweza kamutu kake.

"Koma a Msulu, paja inu mumadya chiyani?"

"Chiswe, mayi. Mazira ndinasiya kalekale, amandipatsa chilungulira."

Mbalame zinaseka n'kuombera mapiko. A Nang'omba anagwedeza mutu, a Kakowa nawo anagwedeza mutu, aliyense akuganiza kuti bola mnzakeyo sanaikepo wake. Ndi mmene msulu anakhalira wapampando wa chisankho cha mazira. Mwamva bwino, msulu.

Wapampando anabwera ndi malamulo atsopano. Dzira lililonse limatidwe matope, kuti wolephera asadziwe amene anamukana. Zisa zichoke pabwalo zilowe m'dzenje lake, kumene kulibe chinyengo. Wovota afike pakhomo yekha, apereke dzira, anong'oneze dzina. Nasibeko anaona kuti zimenezi ndiye zachitukuko, ndipo anali woyamba kumata lake.

Msulu anawapekeranso nyimbo. Wotsogolera ankafunsa kuti mawa la dziko lino ali nalo ndani, oyankha n'kuvomera kuti alikunkhuniza okha mpaka pakhomo la mtsogoleri, ndipo pothera pake onse ankaponda pansi pamodzi. A Tchire Lathu anaiphunzira m'mawa ndi dzina la a Nang'omba, a Tiwoloke anaiphunzira madzulo ndi dzina la a Kakowa. Atakumana panjira tsiku lovota, mbali iliyonse inati inayo yaba nyimbo, ndipo nthenga zinathothoka.

Atatha kuponya anakhala pabwalo kudikira. Dzuwa linakwera, linapendeka. Kenako Msulu anatuluka akunyambita ndevu, nkhope ili yachisoni.

"Abale anga, chisankho chawonongeka."

"Chawonongeka bwanji?"

"Ndapezamo timazira ting'onoting'ono. Alendo avota."

Zinziri zinali zikuvota chaka chilichonse cha chisankho kuyambira makolo, ndipo panalibe amene anadandaulapo. Koma tsiku limenelo mbalame zinadzidzimuka ngati zaona zinziri koyamba. A Nang'omba anati alendo abwera ndi a Kakowa. A Kakowa anati alendo agulidwa ndi a Nang'omba. Nasibeko anakankha anzake n'kufika kutsogolo.

"Bambo Msulu, nanga mazira athu? Azizira."

"Amenewo ndi umboni tsopano, mayi. Umboni sutuluka mlandu usanathe. Musadandaule, ndikuwafungatira ndekha."

Nasibeko anabwerera kuchisa mtima uli m'malo. Ati wapampando wathunthu kufungatira dzira lake!

M'mawa mwake Zinziri uja anamupeza akutembenuza otsalawo.

"Mayi, ndabwera ngati mayi mnzanu. Kuseri kwa chulu kuli makoko a mazira. Ena ndi amawanga ngati anuwa."

"Iwe ndiwe uja unawononga chisankho?"

"Ine ndinangoponya monga mwa nthawi zonse. Tiyeni mukaone nokha, si patali."

Akanapita. Panali pafupi, poti ngakhale nkhanga yotsimphina ikanafika. Koma Nasibeko anaganiza kuti akaoneka akuyenda ndi mlendo, a chipani ati chiyani. Anakuwa kuti zinziri zikunyoza wapampando, ndipo mbalame zinathamangira konko. Msulu naye anafika, osatekeseka.

"Makokowo alipodi," anatero. "Ndi mavoti owonongeka a alendo omwewa. Lamulo limati aphwanyidwe. Ntchito yowawa, koma wina ayenera kuigwira."

"Nanga amawanga aja?" anafunsa Zinziri.

"Mwaona? Afika mpaka polemba mawanga pamazira awo kuti aoneke ngati nzika!"

Woyamba kujompha Zinziri anali Nasibeko. Wachiwiri anali Nambewe. Pa chinthu chimodzi chokhachi zipani ziwiri zija zinamvana, ndipo pofika madzulo m'dzikomo munalibe zinziri ndi imodzi yomwe. Paja akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Nasibeko mnansi wotereyo anamutsina ndi mlomo.

Analengeza tsiku lina lovota. Lisanafike, Nasibeko anakumana ndi Msulu akuchokera kumtsinje, atanyamula timiyala tosalala.

"Ntchito yanji imeneyi, bambo?"

"Ndikumanga mpanda woteteza mavoti anu, mayi." Anaika timiyalato pansi, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Sindiyenera kukuuzani izi, poti ndilibe mbali. Koma a Tiwoloke akubwera ndi mazira ambirimbiri banja lililonse. Ati dzira lililonse ndi nzika, lili ndi mawu ake. Ndafufuza m'malamulo, choletsa mulibe."

"Akuba! Ndiye ife tizibwera ndi limodzi?"

"Ine sindinanene kanthu."

Nasibeko anagawa chisa chake pakati. Anapita kudzenje maulendo angapo, akukunkhuniza, thukuta lili kamukamu. Nyimbo ija inamvekanso, tsopano mwaukali, ndipo anaiwonjezera ndime yonena kuti mlendo adziwe njira yakwawo. Poponda pansi paja, chulu chinagwedezeka. Panjira anapambanitsana ndi Nambewe, nayenso akukankha mulu wake, ndipo sanapatsane moni.

Msulu anachedwa kutuluka kuposa poyamba. Potuluka anachita kudzikoka, mimba itakhula khomo la dzenje.

"Wapampando wathu watupa ndi ntchito," inatero mbalame ina mwachifundo.

"Abale anga," anatero Msulu, n'kugeya pang'ono, "pali vuto. Mbali ya Tchire Lathu mazira ndi ambiri ndithu. Koma ambiri ponong'oneza sanatchule a Nang'omba. Anatchula achiwiri awo, a Khwangwala. Tsono ndiwerengere yani?"

A Khwangwala anali asanalotepo za mpando. Ntchito yawo inali kunyamula chakudya cha a Nang'omba n'kumalawako panjira. Koma atamva dzina lawo anakonza kolala yawo yoyera ija, n'kutsokomola.

"Ngati anthu alankhula, ine ndine yani kuti ndikane?"

"Njoka!" anabangula a Nang'omba. "Ndinakutola ukudya zoola!"

"Mwakalamba, bwana. Chipani chikufuna magazi atsopano."

Pofika mawa lake kunali chipani cha Tchire Lathu ndi china cha Tchire Lathu Lenileni. Za Khola panalibenso wozikumbuka. Posamba fumbi nkhani inali yoti kodi a Nang'omba akadali ndi mphamvu, kodi khwangwala angalamulire mbalame zoyenda pansi, kodi ananong'oneza dzina lake ndani. Nasibeko anasiya kulankhula ndi mng'ono wake weniweni pomuganizira zimenezo. Mazira a ulendo wachiwiri nawo anasanduka umboni, ndipo Msulu analengeza kuti avotenso kachitatu.

Pa ulendo wachitatu Nasibeko anapereka onse, kupatula limodzi. Limenelo linali loyamba kuikira, ndipo m'mawa umenewo analimva likugogoda m'kati, pang'onopang'ono. Analibisa pansi pa phiko. Nyimbo anaimba nawo, koma mawu anali atasasa, ndipo poponda pansi anaponda mosamala.

Dzuwa lili pamutu, ali pachisa, anaona Msulu akubwera wefuwefu.

"Mayi Nasibeko, ndathawa ntchito kuti ndikuoneni. Zinthu zafika povuta. A Nang'omba ndi a Kakowa afanana ndendende. Pakusowa dzira limodzi."

"Ndilibe."

"Nanga pansi pa phikopo?"

"Ili ayi, bambo. Ili likugogoda. Mawa kapena mkuja liswa."

"Ndi lanu, mayi, sindingakukakamizeni." Msulu anatembenuka ngati akupita. "Kungoti a Kakowa akapambana, mwana ameneyo akakulira ku Khola. Akammeta mapiko asanaphunzire n'kuuluka komwe. Koma inu zimenezi munazolowera."

Mawu amenewo anamulasa Nasibeko pachilonda. Anaona ana ake aja mmodzimmodzi, mmene ankatsikira kumtsinje osacheuka, ndipo mantha anamugwira.

"Mudzabweza liti?"

"Madzulo ano. Ndi ena onse aja." Anayenda pang'ono n'kuimanso. "Ndakumana ndi a Nambewe panjira, akukanda matope. Kaya ndi a chiyani."

"Nambewe? Mfiti imeneyo!"

Anadzuka. Anakanda matope ndi miyendo yake, namata dzira lija, likugogodabe. Msulu sanalole kuti mayi wamkulu avutike ndi kukunkhuniza, analinyamula yekha. Atangokhota pachitsamba analowera njira ya kwa Nambewe, koma Nasibeko sanaone, anali kalikiliki kuyeseza kavinidwe ka chipambano.

Madzulo mbalame zonse zinasonkhana. Msulu sanathenso kukwera pachulu, analankhulira pansi.

"Abale anga, zodabwitsa. Onse atatu afanana."

Mbalame zisanayambe phokoso, atsogoleri atatu aja anapita kuseri kukakambirana. Sanachedweko. Anabwerako atakolekana mapiko, akuseka. A Nang'omba akhala mfumu. A Kakowa akhala achiwiri awo. A Khwangwala akhala nduna yoona za chakudya. Nanga zolowa ku Khola? Imeneyo, anatero a Nang'omba, ndi nkhani yaikulu yosafunika kuthamangira, ndipo aisiya m'manja mwa komiti. Komitiyo ndi iwo atatu omwewo, ndipo iyamba ndi kukacheza ku Kholako kuti ikalawe madeya.

"Tapambana!" anakuwa Nasibeko. "Mfumu ndi yathu!"

"Tapambana ndife!" anakuwa Nambewe. "Akupita ku Khola!"

Nyimbo ija inaimbidwa ndi zipani zonse nthawi imodzi, aliyense akukuwa dzina lake kuti lipose la mnzake, moti sipanamveke dzina lililonse.

Msulu anasunga lonjezo. Anatulutsa zibulungwa zamatope m'dzenje n'kuyamba kugawa. Poti zonse zinali zomatidwa, panalibe wodziwa lake, choncho aliyense ankangotchula kuchuluka kwa amene anapereka. Msulu anamuikira Nasibeko limodzi la basera chifukwa cha kukhulupirika kwake, ndipo iye analandira ndi mapiko awiri, osafunsa kuti basera ameneyo ndi mwana wa yani.

"Matopewo musachotse," anatero Msulu. "Chinsinsi cha voti chimatha dzira likaswa."

M'mawa mwake wapampando anatsazika. Atsogoleri atatu aja anali atamutamanda kwa akuluakulu a ku Khola, ndipo nkhuku zakumeneko zinamuitana kuti akaziyendetsere chisankho chawo. Mbalame zinamuperekeza mpaka kumtsinje. Pokwera bwato anachita kumukankha kumbuyo.

Nasibeko anakhalira mazira ake. Anali olemera, ndipo ankati akawafunditsa usana wonse, pofika madzulo azizira. Anatchera khutu kufuna lija logogoda, koma m'chisa munali zii. Anadziuza kuti mwanayo watopa ndi ulendo. Masiku anapita. Mumtengo ana a a Nang'omba anaswa, anamera nthenga. Ana a a Kakowa anayamba kuuluka, oyera ngati bambo awo. Njiwa anabwera ndi timadeya, n'kunena kuti komiti ikadali kulawa.

Tsiku lina kunagwa mvula yomaliza ya chaka, Nasibeko atapita kukamwa madzi. Pobwera anapeza matope asungunuka. Anayang'ana loyamba. Analigogoda ndi mlomo, mlomo n'kuwawa. Anayang'ana lachiwiri, lachitatu, mpaka la basera lija. Yonse inali miyala ya kumtsinje, yosalala bwino, yosankhidwa ndi munthu wodziwa kukula kwa dzira la nkhanga.

Anakumbukira kugogoda kuja, ndi mmene anamatira matope ndi miyendo yake yomwe, mwana akugogoda kuti amutsegulire. Chisoni chimene chinamugwira chinali choti sakanatha n'kulira komwe. Ana oyamba anawatenga ndi Khola, koma awa anawapereka yekha, akuimba. Anatsegula mlomo kuti akuwe, dziko lonse limve kuti Msulu wadya mtundu.

"Anzanga a Nasibeko!"

Anali Nambewe, akuitana ali pachisa chake tsidya la chitsamba. Anakhala mowuma, mapiko atatambasula kwambiri kuposa mmene nkhwali imakhalira, ndipo maso anali ofiira.

"Kwanuko aswa?"

Nasibeko anayang'ana miyala ija, n'kuyang'ana Nambewe. Akakuwa, ndiye kuti Zinziri ankanena zoona. Ndiye kuti a Nang'omba, amene anawavinira mpaka zikhadabo kutha, anagwedezera mutu msulu. Ndipo woyamba kumva zonsezo akhala Nambewe wa Tiwoloke. Anatseka mlomo. Anakwera pachisa pang'onopang'ono, n'kukhalira miyala ija, n'kuifunditsa bwinobwino ndi mapiko.

"Akugogoda," anatero. "Ana a chipani chopambana sathamangira. Nanga anuwo?"

"Anganso akugogoda," anayankha Nambewe. "Mwamphamvu."

Anakhala choncho, wina uku wina uko, aliyense kudikira kuti mnzake ayambe kudzuka. Mvula inatha, udzu unauma, dzuwa linawatentha pamutu mpaka nthenga za pamutu pa Nasibeko zinathothoka, ndipo nkhanga ili ndi dazi mpaka lero. Odutsa ankamumva akuimba nyimbo ija chapansipansi, akufunsa yekha kuti mawa ali nalo ndani, n'kudziyankha yekha. Koma pothera paja, poyenera kuponda pansi, sankaponda, kuopa kuswa mazira.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, koma ayambe waikanda ndi chala, mwina ndi mwala.